Kuchokera Paphiri Kufika Pamphasa: Ulendo wa Madzulo mu Zomba



Mdzukulu wanga wamkazi anayamba kantchito kamene ife pa ubwana wathu sitikanakhulupirira kuti munthu angadyerepo. Iye ndi mnzake wa minibasi amatenga alendo dzuwa likapendeka, n'kuwazungulitsa mu mzinda wa Zomba kuti aone nyumba zakale, ndipo mdima ukagwa amakawakhazika pamphasa kuti adye chakudya cha makolo. Tsiku lina m'nyengo ya masika anandiimbira lamya. "Agogo, bwerani mudzandimvere mmene ndimalongosolera. Pomwe ndanama mudzandidzudzule." Ndinamuyankha mwa chipongwe chathu cha agogo ndi adzukulu, kuti mkazi wamng'ono akaitana mwamuna sawiringula. Ndinavala jekete ija ndinkavala pa tsiku lotsekera sukulu, n'kunyamuka ngati woyendera masukulu.

Alendo analipo asanu: azungu awiri a ku Scotland ndi banja la anthu atatu la ku Lilongwe. Ndinene msanga kuti azungu aja ankamudziwa Chipembere, pamene mnyamata wa ku Lilongwe, wa Folomu 3, ankayesa kuti limeneli ndi dzina la msewu wa ku Blantyre basi. Mlandu umenewo si wake. Ndi wathu aphunzitsi.

Ulendo umayambira pamwamba, m'mphepete mwa phiri pomwe ana amagulitsa mabulosi m'timbale. Nsonga ya phirili imapitirira mamita 2,000, ndipo kukakhala kopanda nkhungu munthu amaona nyanja ya Chilwa, chilumba cha Chisi ndi phiri la Mulanje. Mdzukulu wanga anasimba bwino za David Livingstone amene anafika ku Chilwa mu Epulo 1859, za malo otchedwa Queen's View pokumbukira ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957, ndi Emperor's View pokumbukira Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1965. Sananame paliponse. Koma ine ndinapempha alendo kuti asiye kuyang'ana kutali, ayang'ane pansi pa mapazi awo, aone mmene mzinda unagonera. M'tsinde mwa phiri muli mitengo ikuluikulu ndi madenga apatalipatali. Pakati pali masitolo, msika ndi mzikiti. Kumunsi kuli utsi wa mbaula ndi nyumba zothithikana. Zomba inamangidwa ngati makwerero: azungu pamwamba pomwe pamadutsa kamphepo kayaziyazi ndi madzi oyamba a Mulunguzi, amwenye pakati, ife eni nthaka kumunsi komwe madzi amafika atasambidwa kale. Amene wamvetsa zimenezi wamvetsa theka la mbiri ya mzindawu, ndipo ulendo wathu wonse unali wotsika makwerero amenewa.

Mzungu asanaike njerwa ngakhale imodzi, kuno kunali Amang'anja ndi Anyanja, alimi, asodzi ndi osula zitsulo. M'zaka za m'ma 1860 kunafika Ayao ndi mafumu awo, Malemia ndi Mlumbe m'mbali mwa phirili, Kawinga ku Chikala. Njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zopita kugombe la nyanja yamchere zinkadutsa m'chigwa chimene tinkachiona pansipo. N'chifukwa chake Angerezi anapakonda pano: ankafuna kukhala pamsanamira poonera njirazo, komanso pamalo a madzi abwino. John Buchanan, yemwe poyamba anali wosamalira dimba ku mishoni ya Blantyre, anatsegula munda wa khofi ndi nzimbe m'mbali mwa Mulunguzi, ndipo cha m'ma 1886 ndiye anamangira kazembe wa Britain, bwana Hawes, nyumba imene tinaimapo koyamba titatsika. Ili ndi tinsanja tiwiri tosongoka, ndipo anthu athu, amene sachedwa kupereka dzina, anaitcha Masongola. Mu 1891 Harry Johnston analowa m'nyumbayi ngati wolamulira woyamba wa dziko lino m'dzina la Britain, ndipo kuyambira pamenepo Zomba inakhala likulu kwa zaka 84, kufikira 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe. Pafupi pomwepo pali munda wa mitengo ndi maluwa umene anauyamba Alexander Whyte, munthu amene dzina lake analiphatikiza ku dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje, ngati kuti mtengowo unali ukumudikira iye kuti ukhale ndi dzina.

Mdzukulu wanga amati Johnston anabwera kudzathetsa ukapolo. N'zoona, ndipo sindingachepetse chimenecho; asilikali ake achisikhi ochokera ku India anamenyana ndi mafumu ogulitsa anthu, ndipo Kawinga anagonja mu 1895. Koma dzanja lomwelo limene linadula goli ndilo linabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo ndiwo unatulutsa amuna m'midzi kuti akaumbe njerwa, akalambule misewu, akasenze katundu. Galimoto zisanabwere, bwana akafuna kukapunga mphepo madzulo ankagona m'machila, nsalu yolimba yomangirira ku mtengo, amuna atasenza pamapewa, ena akuthamanga pambuyo kudikira kulandirana. Tsono ulendo wa madzulo wokaona malo si wachilendo mu Zomba. Chachilendo n'chakuti lero mdzukulu wa onyamula aja ndiye wakhala pampando wakutsogolo, ndipo ndiye akulandira ndalama. Nditanena zimenezi dalaivala anaseka mpaka giya inamuphonya.

Maina a onyamula machilawo simungawapeze. Ambiri sanalembedwe n'komwe, ndipo mu 1919 moto unapsereza maofesi akuluakulu a boma muno mu Zomba pamodzi ndi makalata a zaka zoyambirira. Chimene chinapulumuka ndi chimene chinali m'mitu ya nkhalamba, ndipo nkhalambazo sitinazifunse mokwanira.

Kuchoka pa Masongola ndi mtunda wongoponya mwala kufika pa Nyumba ya Malamulo yakale. Apa ndinapempha kuti injini izimitsidwe. Bungwe lopanga malamulo linakhazikitsidwa mu 1907, chaka chomwe dziko linatchedwa Nyasaland, koma munthu wakuda analowamo koyamba mu 1949, patapita zaka 42. Mu 1956 munalowa Aafirika asanu osankhidwa, pakati pawo anyamata awiri olusa pakamwa, Henry Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, amene anasandutsa nyumba ya ulemu ija bwalo la milandu ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu ankagula mabuku a zokambirana za m'nyumbayi n'kumawerengerana m'midzi monga tichitira ndi nyuzipepala.

Ufulu unabwera pa 6 Julaye 1964. Patangopita miyezi iwiri, pa 8 ndi 9 Sepitembala, m'chipinda chomwechi anthu amene anamenyera ufulu limodzi anatembenukirana. Dr. Banda anali atachotsa nduna zitatu, Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi udindo, ndipo Chipembere, amene anali ku Canada, atangofika anachita chimodzimodzi. Zifukwa zinali zingapo: tiki imene odwala anayamba kulipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma, kuchedwa kupereka maudindo kwa Amalawi, ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndipo pansi pa zonsezi funso lakuti kodi dziko lilamulidwe ndi munthu mmodzi kapena ndi upo. Ine ndinali mwana wa pulayimale. Ndimakumbukira abambo anga atatsamira pa wailesi ya mnansi wathu, akubwerera kunyumba osayankhula, nsima n'kuisiya. Kumapeto kwa mwezi womwewo m'misewu imene tinkayendamoyi munali zibonga ndi miyala, makalaliki a boma kumenyana ndi achinyamata a chipani. Mu Febuluwale 1965 Chipembere anatsika ndi anthu ake kuchokera ku Fort Johnston, imene lero ndi Mangochi, kulinga ku Zomba, koma atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili kutsidya. Mlatho kunalibe. Nthawi zina mbiri ya dziko imakhota chifukwa cha chinthu chaching'ono ngati chimenecho.

Likulu litasamuka, aphungu anapitiriza kukumana muno mpaka 1994. Ndiye kuti ndi pakhomo lomweli pomwe pa 17 Meyi 1983 panatuluka nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga. Anagwidwa muno mu Zomba, anagonekedwa ku ndende ya Mikuyu, ndipo usiku wotsatira anafera m'mbali mwa msewu wa ku Thambani ku Mwanza. Tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza imene lipoti lake linatuluka mu Januwale 1995 inapeza kuti anachita kuphedwa ndi apolisi. Mdzukulu wanga pa nyumbayi amangonena za kamangidwe kake ndi chaka chimene aphungu anasamuka. Ndinamuona akuyang'ana wotchi.

Tinadutsa mothamanga pa mpanda wa nyumba ya boma yomwe munkakhala abwanamkubwa, kenaka pa Gymkhana Club, pomwe kale munthu wakuda ankalowa ngati woperekera zakumwa basi. Pomwepa ndi pamene anamangira mlakatuli Jack Mapanje, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi ku Chancellor College, pa 25 Sepitembala 1987. Anakhala ku Mikuyu kufikira Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Koleji yakeyo, imene inasamukira ku Chirunga kuchokera ku Blantyre mu 1973 ndipo kuyambira 2021 ndiyo yatsala ndi dzina la University of Malawi, tinangoiona magetsi ake chapatali. Ophunzira ake ndiwo anayamba kuguba mu Malichi 1992 kuvomereza kalata ya maepiskopi, ife akuluakulu tikusuzumira pawindo.

Chisisira chinatipeza pa nsanja ya wotchi ya njerwa zofiira, pafupi ndi kampu ya asilikali ya Cobbe, polowera mu mzinda kuchokera ku Blantyre. Nsanjayi ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles amene anafa pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, chifukwa cha mfuti ija yolira mosalekeza. Ndipo ine ndikamva chimanga chikuthetheka pa chiwaya chokazingira ndimaona kuti dzinalo analipereka ndi khutu. Nkhondoyo inafika pa nthaka yathu ku Karonga mu Sepitembala 1914. John Chilembwe analemba kalata yodandaula kuti anthu osauka akufera mkangano umene sakuudziwa, ndipo mu Januwale 1915 anaukira. Koma pa msilikali mmodzi aliyense panali amtengatenga ambirimbiri, pafupifupi 200,000 m'dziko lonse, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema kupita kumpoto, ambiri ochita kugwidwa m'midzi. Ankafa ndi kamwazi, chibayo ndi njala kuposa zipolopolo. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo. Anabwerako ndi zipsera pamapewa zimene ankatilola ife ana kuzigwira. Akulu awo amene anapita nawo limodzi sanabwerere, ndipo manda awo palibe akuwadziwa. Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth linavomera ndi kupepesa kuti Aafirika zikwizikwi amene anafa pa nkhondoyo sanakumbukiridwe mofanana ndi azungu. Mayi wa ku Scotland anavula chipewa chake. Sindinamuuze kuti kwathu ovula chipewa ndi amuna. Ndinaona kuti mtima wake wafika.

Tsono apa ndi pomwe ine ndi mkazi wanga wamng'ono tinasemphana. Chapafupi ndi nsanjayo pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa mu 1935. Minibasi inafika pamenepo n'kuwonjezera liwiro.

"Imani," ndinatero.

"Agogo, pano sitiima. Anthuwa akupita kukadya. Mukufuna nsima iwawe?"

Ndinamuuza kuti sindipempha zambiri. Tinaima chapatali, osatsika, osajambula. Ndinauza alendo kuti m'kati mwa mpanda uwo munafera Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Dr. Banda ali m'ndende ku Gwelo. Anagwidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera mu Disembala 1981, anaweruzidwa kuti anyongedwe mu 1983, chilango chinasinthidwa kukhala ndende moyo wonse, ndipo anamwalira momwemo pa 20 Okutobala 1992, patatsala miyezi isanu ndi itatu kuti tivote pa riferendamu. Anthu awiriwa anakhala zaka zambiri m'ndende imodzi osaonana. Mnyamata wa Folomu 3 anati chimene iye amadziwa za ndendeyi n'chakuti akaidi ake anaimba nyimbo zimene zinapikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016. Ndinamuuza kuti chimenechonso n'choona, achisunge, koma asachisunge chokha.

Chimene sindinauze alendo ndikuuzani inu, adzukulu anga, popeza ndinu anga. M'zaka zimenezo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina kunja kwa mzindawu. Mphunzitsi mnzanga, amene tinkabwerekana choko ndi njinga, anabwera kudzamutenga usiku anthu osadziwika. Mkazi wake anachotsedwa m'nyumba ya sukulu ndipo anayamba kugulitsa matemba mumsika wa Zomba kuti adyetse ana. Loweruka lina ndinamuona ali pa benchi lake. Nayenso anandiona. Ndinakhotera ku mzere wa tomato, n'kugula tomato amene sindinkamufuna. Ndinachita zimenezi osati kamodzi, koma zaka zinayi. Ndinali ndi ana aang'ono ndi ntchito ya boma, ndipo mantha anali ndi chifukwa chake. Komabe tsiku lililonse pa asembule ndinkaphunzitsa ana a eni kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mnzanga uja atatuluka, ali wowonda ngati bango, ndiye anayamba kundipatsa moni. Sanandifunse kanthu kufikira imfa yake. Ndiye mukaona nkhalamba ikuimitsa minibasi ya eni pa malo osakondweretsa, dziwani kuti ili ndi ngongole imene mwini wake sanabwere kudzaitenga.

Tinafika kumunsi kwenikweni kwa makwerero aja mdima utagwa, pakhomo pa mayi wina wa Chilhomwe amene amaphikira alendo a mdzukulu wanga. Pabwalo anayala mphasa ndi mikeka, nyali zili m'mbali. Kamtsikana kanagwada ndi beseni ndi jagi, kuyambira kwa ine wamkulu kutsirizira kwa mnyamata uja. Thobwa litabwera m'chikho, mayiwo anayamba amwako okha pamaso pathu. Azungu anadabwa, ndipo mdzukulu wanga anafotokoza bwino lomwe kuti mwini khomo amalawa kaye kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Pamenepo ndinamupatsa mamalikisi onse.

Panabwera mitanda ya nsima ya ufa woyera ndi ina ya mgaiwa, matemba othira tomato, nkhwani wotendera, chigwada, nandolo, nkhuku yachikuda, mpunga wa kudambo la Chilwa, ndi kambale ka kalongonda. Iye amachitcha chakudya cha makolo, ndipo ine, pokhala mphunzitsi wosatha kudziletsa, ndinafunsa kuti makolo ake ati. Chimanga, chinangwa, mtedza, maungu ndi tomato zonsezi kwawo ndi ku America. Zinawoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi n'kulowa kumtunda kuno pang'onopang'ono. Makolo a makolo athu ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Nandolo kwawo ndi ku India. Pa mphasa yonseyo eni mudzi enieni anali chimera cha mawere cha m'thobwa ndi matemba. Zina zonse ndi alendo amene anafika, analandiridwa, anakwatira pamudzi, mpaka lero tikulumbira kuti ndi abale athu a bere limodzi. Sindikunena izi monyoza. Ndikuona kuti mphika wathu unadziwa kulandira alendo kuposa mmene mzinda wa pamwamba paja unadziwira.

Matemba nawo ali ndi mbiri yawo. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulukamo, ndipo imaphwa: inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka fumbi. Nthawi zoterozo tinsombati timabisala m'maiwe a mitsinje yothira m'nyanjayi, monga Likangala ndi Domasi, ndipo madzi akabwerera timabwereranso n'kuswana. Ndinawadya pang'ono matembawo. Chifukwa chake mwachimva kale.

Koma mfumu ya chakudya cha usiku umenewo inali kalongonda. Alhomwe anayamba kuwoloka mwaunyinji kuchokera ku Mozambique kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhondo, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Kuno anafikira m'minda ya azungu pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo, ndipo ankatchedwa dzina lachipongwe limene sindilemba pano, kufikira Lewis Bandawe ndi anzake atayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 n'kulimbana kuti lichotsedwe m'makalata a boma. Anthu amenewa alibe nsanja ya wotchi mu Zomba, chikhalirecho tiyi, fodya ndi thonje zimene zinkalipira maofesi a pamwamba paja zinadutsa m'manja mwawo. Nyemba yawoyi ndi yoopsa kwa wosaidziwa. Mayi aja anati anaitereka mbandakucha, ndipo anataya madzi kangapo tsiku lonse, chifukwa kalongonda wophikidwa mwaulesi amazunguza mutu ndi kudwalitsa banja lonse. Luso limeneli anaphunzira kwa amayi awo, iwonso kwa amayi awo amene anawoloka malire ndi mbewu yake pamutu. Bambo wa ku Lilongwe, amene poyamba anakankhira kambaleko kutali, anamaliza ndi kupempha kena.

Tikusamba m'manja kachiwiri, mdzukulu wanga anadzakhala pambali panga n'kunong'ona. "Agogo, nkhani zanu zija ndi kalongonda. Sindingazipereke kwa alendo mmene mwaziperekera inu, ena adzathawa. Mundisiye ndiziphike ndekha." Ndinafuna kutsutsa, koma ndinakumbukira kuti minibasi ndi yake, ndipo ine ndinayankhula pa Nyumba ya Malamulo mpaka udzudzu unatipeza. Tinapangana kuti pa ndende aziima mphindi ziwiri, pa nsanja azitchula amtengatenga, ndipo zaka ndi maina ndimulembere papepala limodzi, osapitirira, zilembo zikuluzikulu.

Nthutumba ya nkhuku anaikira ine, monga mwa mwambo wolemekeza mlendo wamkulu. Ndinali nditaisunga pambali pa mbale. Ndinainyema pakati, theka n'kupatsa mnyamata wa Folomu 3, amene anali atatulutsa foni yake akundifunsa kuti dzina lakuti Orton limalembedwa bwanji.